Ziguduli za Kushedi

Mpopi unali utangoyamba kutulutsa madzi amphamvu pamene Wailesi anatulukira pakona ya mdadada, akuthamanga ngati kwawo kwapsa nyumba. Amake Tsabola sanadzutse mutu. Anali atawerama pa beseni kuyambira m'mamawa, msana ukuwawa, koma mulu wa zochapa unali usanatsike n'komwe: mashiti a anthu a kunyumba za mipanda amene ankawachapira, malaya a sukulu a mwana wawo, ndi ovolosi ya amuna awo, onyamula katundu kushedi ya kampani, imene ikanatha kuima yokha chifukwa cha fumbi. Madzi anali atasowa masiku ambiri. Lero abwera, ndiye aliyense wa nkhani adikire.

"Amake Tsabola! Mwamva?"

"Sindinamve, ndipo makutu ndawasiya m'nyumba. Sunthani, mukundipondera sopo."

Wailesi anali mayi wa khomo loyandikana nalo. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale, chifukwa akayamba kulankhula panalibe pomuzimitsira. Koma lero sanaseke. Anaima akupuma mwabefu, khanda lake likugwedezeka kumsana.

"Kushedi atseka. Amanga chingwe chofiira pageti, azibambo onse ali m'kati, ndi anu omwe. Chimphona uja, amene amanyamula matumba awiri nthawi imodzi, anagwa dzulo. Akuti thupi moto, m'khwapa mwatupa ngati dzira. Kuchipatala amuyeza, akuti ndi mliri wa makoswe."

"Makoswe ayamba liti kugwetsa Chimphona? Uja akhoza kumeza khoswe ndi mchira womwe."

"Si khosweyo ayi, akuti ndi nthata zake. Khoswe akafa, nthata zimasamuka, zimafuna magazi ena. Zikakuluma basi, walowa nawo."

Amake Tsabola anawongoka pang'onopang'ono, dzanja limodzi pamsana, thovu likutsetsereka m'chigongono. Anakumbukira amuna awo akuseka tsiku lina pa chakudya, akunena kuti makoswe a kushedi ayamba kufa okha, akungowakokolola ndi fosholo, ndipo a kapitawo akondwa kuti mphaka apume. Iwonso anaseka nawo tsikulo.

Foni inalira pazenera. Anapukuta dzanja pa siketi n'kuitenga.

"Halo, amake Tsabola, mukundimva?" Mawu a amuna awo anali apansipansi, ngati munthu wabisala m'chimbudzi.

"Ndikukumvani. Inuyo thupi likutentha?"

"Ine ndili bwino. Atipatsa mapilitsi, akuti tikhale konkuno mpaka atione bwino. Tamverani. A zaumoyo akubwera m'makomo mwathu. Akakufunsani ngati pali chinthu chinachoka kuno kubwera kunyumba, munene kuti palibe."

"Nanga ziguduli zija?"

"Ziguduli zake ziti?"

"Bambo a Tsabola, musandiyankhe ngati ndine wapolisi. Ziguduli zimene munabwera nazo m'chiuno."

"Ndi zimene ndikunenazo. A kapitawo alumbira pamaso pa mabwana kuti kuno sikutuluka ngakhale ulusi. Tonse tavomereza. Wina akangoyasamula, ntchito yatha, osati yanga yokha, gulu lonse. Zili ndi chidindo cha kampani zija, mwaiwala? Zibiseni. Ndikabwera ndizitentha ndekha."

"Mubwera liti?"

Foni inaduka.

Lamulo la mabwana a kushedi linkati chiguduli chong'ambika chitenthedwe. Koma onyamula katundu anali ndi lamulo lawolawo: chiguduli chong'ambika n'cha munthu amene chamung'ambikira pamsana. Ankachikulunga m'chiuno, kuvala ovolosi pamwamba, n'kudutsa pageti ngati munthu wakhuta bwino. Mlonda ankayang'ana kumwamba. A kapitawo nawonso ankatuluka ndi mimba yaikulu kuposa imene analowa nayo. Palibe amene ankatcha zimenezi kuba. Akazi kunyumba ankazichapa zigudulizo, kuziyanika padzuwa, n'kusoka chimene nyumba ikusowa.

Amake Tsabola anali asanasokepo chiguduli chosachapa. Koma zomalizazo zinabwera mpopi uli gwa, ndipo ndani akanataya madzi otunga kutali pochapa chiguduli? Matiresi akale a Tsabola anali atatha, mwana akudandaula kuti simenti ikumudya nthiti. Ndiye anangozikutumula pang'ono, kusoka ziwiri ngati thumba lalikulu, kuponderamo zina zonse, n'kumuyalira pakona.

Anasiya Wailesi pampopi akulankhulabe n'kulowa m'nyumba.

Nyumbayo inali chipinda chimodzi chodulidwa ndi katani. Uku bedi, uku tebulo la mbale ndi mbaula, ndipo pakona pafupi ndi chitseko, Tsabola atadzipinda m'bulangete, tsitsi lokha likuoneka. M'mawa anali atakana kupita kusukulu, akuti mutu. Amayi ake anamuuza kuti mutu wa tsiku la masamu amaudziwa bwino, koma analibe nthawi yokangana naye, madzi anali akubwera.

"Amayi, mwabwera kudzandithamangitsa?" anatero mwanayo ali m'bulangete momwemo. "Mukawauze aphunzitsi kuti ndafa."

"Wakufa salongolola chonchi. Tavundukula."

Anamugwira pachipumi. Dzanja lawo linali lozizira ndi madzi, ndiye anati mwina n'chifukwa chake. Anagwira ndi tsaya. Moto. Anakoka bulangete lonse. Miyendo ya mwanayo inali ndi timadontho tofiira kuyambira m'mapazi mpaka m'mawondo, tina tokandidwa mpaka kutuluka magazi.

"Izi zayamba liti?"

"Ndinakuuzani kuti matiresi anu amaluma. Munati ndine wosayamika."

Zoona, anatero. Anamukweza mkono n'kufufuza m'khwapa. Palibe. Mkono winawo. Palibe. Mtima unatsika pang'ono. Kenako anatsitsa dzanja m'mphechepeche, ndipo Tsabola anakuwa, kukuwa kwenikweni kosapanga, n'kuwamenya dzanja. Panali kanthu kolimba pansi pa khungu, ngati kamwala kotentha.

"Ndi mwanabere chabe," anatero amake, mokweza kuposa mmene anafunira. "Uli ndi chilonda kuphazi. Unapunthwa pati?"

"Sindinapunthwe."

"Tabweretsa phazi."

Anayang'ana zala zonse chimodzichimodzi, pakati pa zala, kuchidendene, phazi linalo. Mapazi a mwana wosamva, akuda ndi fumbi, koma opanda chilonda ngakhale chimodzi.

Anamunyamula, ngakhale anali atakula kale moti miyendo inkakhukhuluza pansi, n'kumugoneka pabedi lawo. Kenako anagwira matiresi aja pakona n'kuwakokera panja. Chidindo cha kampani chinali pamwamba penipeni, zilembo zazikulu zobiriwira. Posoka anachiika dala pamwamba chifukwa mbali imeneyo inali yosalala.

Tsopano apite nawo kuti? Atenthe? Utsi wa chiguduli umaitana mdadada wonse, ndipo galimoto ya a zaumoyo ikhoza kuupeza ukufuka. Kudzala? Kumene kuja ana amasewera tsiku lonse, ndipo asanafike n'komwe kunyumba wina adzakhala atawatola kale. M'chimbudzi sangalowe. Anawakokera kuseri kwa bafa, anabwerera kukatenga lezala, n'kuyamba kudula ulusi kuti mwina awaphwasule akhale tizidutswa. Atangotsegula mbali imodzi, anaona timadontho takuda pa mkono wawo wonyowa. Kamodzi kanadumpha. Kena kanadumpha. Anataya lezala, kuthamangira pampopi, n'kuviika mikono yonse m'beseni la sopo mpaka m'mapewa, mashiti a anthu ali momwemo.

Wailesi anali ataima pamenepo, wakhala chete kwa nthawi yoyamba chibadwire.

"Ine sindinaone kanthu," anatero pomaliza.

"Inu? Lero mabatire atha?"

"Musaseke, anzanga. Katani ya pakhomo panga ndi chiguduli chanu. Ndipo chija munandipatsa mwezi uno, ndi chimene ndimamugonekapo uyu masana." Anagwedeza khanda kumsana. "A landilodi akamva kuti m'nyumba zawo mwalowa mliri, tonse tigona panja."

Amake Tsabola anayang'ana mdadada wonsewo, makomo ondondozana pansi pa denga limodzi la malata. Chopondera mapazi pakhomo la telala, chiguduli chawo. Chogonera galu wa a landilodi, chiguduli chawo. Chotchingira dzuwa pa benchi ya mayi wogulitsa tomato, chawonso. Iwo sanali munthu womana. Zikabwera zambiri ankagawa, ndipo anthu ankawathokoza.

"Khoswe wakhala pa mkhate," anatero Wailesi motsitsa mawu. "Mumugenda bwanji?"

"Pitani kwanu ndi miyambi yanu. Mwanayo mumuchotse pa chiguduli."

Anabwerera kuseri kwa bafa, anakankhira matiresi aja kukhoma ndi mtengo, n'kuwavundikira ndi lata lakale. Atangomaliza anamva galimoto ikuima kumsewu.

Anatsika anthu awiri. Mayi wamfupi wovala jombo ndi chophimba kukamwa, maso ofiira ngati sanagone, ndi bambo wonyamula thanki yopopera mankhwala kumsana. Anafunsa kwa telala, telala analoza. Amake Tsabola anatseka chitseko cha nyumba, n'kukawerama pa beseni ngati akhala pamenepo chiyambire.

"Zikomo, mayi. Ndife a zaumoyo. Ndinu akunyumba kwa bambo amene amanyamula katundu kushedi?"

"Ndine."

"Mwamva zimene zachitika?"

"Kuno nkhani sizichedwa."

"Ndiye sindichulukitsa. Choyamba, musathire mankhwala a makoswe. Ndikudziwa aliyense akufuna kutero lero, koma mukapha makoswe tisanaphe nthata, nthatazo zithamangira kwa inu. Mukaona khoswe wakufa musamugwire, mutiitane. Alipo amene akudwala m'nyumba muno? Kutentha thupi, mutu, kutupa m'khwapa, m'khosi, m'mphechepeche?"

Amake Tsabola anafinya shiti mwamphamvu. Akanena kuti alipo, alowa. Akalowa afunsa kuti mwanayu amagona pati, ndipo pakona paja pali ulusi wa chiguduli mbwee.

"Palibe."

"Ana?"

"Mmodzi. Ali kusukulu."

"Chilipo chimene bambo amabwera nacho kuchokera kushedi? Thumba, chiguduli, mbewu zosesa pansi?"

"Abambo aja amabwera ndi njala ndi fumbi basi."

Bambo wa thanki uja anaseka m'chophimba chake. Mayiyo sanaseke kwambiri. Analoza ovolosi ili pa mulu.

"Iyo muiviike m'madzi owira, musaikutumule. Mankhwala opopera atichepera, ndiye lero tikuyamba ndi nyumba zimene muli wodwala kapena katundu wa kushedi. Kwanu tidzabwera mawa. Koma mayi, tamverani. Matenda amenewa mankhwala ake alipo, tili nawo m'galimotomu, ndipo amachiza. Vuto lake sadikira. Munthu akayamba kutentha thupi, si za kuti tione kaye mmene kuchere."

"Ndamva."

"Tikhala tili m'dera lomwe lino mpaka masana."

Anapita. Galimoto inalira, inayenda pang'ono, n'kukaima ku mdadada wa kumtunda. Kuchokera pampopi denga lake loyera linkaoneka pamwamba pa mpanda.

Amake Tsabola anachapa shiti limodzi, kulitsukuluza, kulifinya, kenako anazindikira kuti alibwezeranso m'madzi a sopo. Analowa m'nyumba. Tsabola anali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Anatuluka. Anayatsa mbaula kuti awiritse madzi a ovolosi, makala anakana, anawasiya akufuka. Anayang'ana denga loyera lija. Lilipo. Anatola mapegi amene anagwa pansi, anawaika m'chitini, chitinicho anachisiya pena pake osakumbukanso. Analowanso m'nyumba.

"Amayi, madzi."

Anamupatsa. Mwanayo anamwa mwaphuma, ndipo kapu isanafike patebulo, onse anabwerera pa bulangete. Anayamba kunjenjemera, mano akugundana. Amake anamufunditsa nsalu, anawonjezera jekete ya abambo ake, akunjenjemerabe.

"Ukundiipitsira bedi," anatero amake, akudikira kuti mwanayo awayankhe mwano monga mwa masiku onse. Ndi chifukwa cha pakamwa pakepo anthu anamutcha Tsabola. Koma mwanayo anangowayang'ana ndi maso onyezimira ngati sakuwadziwa bwino.

Anatenga foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Mwabisa?" anafunsa amuna awo asanapereke ndi moni yemwe.

"Mwana akudwala."

"Akudwala chiyani? Dzulo ankadumpha chingwe."

"Thupi moto. Wasanza. M'mphechepeche mwatupa. Miyendo yonse nthata zamudya."

Kumbuyo kunkamveka azibambo ena akukangana, wina akutsokomola.

"Ndi malungo amenewo," anatero bamboyo. "Nyengo yake ndi ino."

"Mwamuyeza muli uko?"

"Mpatseni mapilitsi a mutu. Kapena mupite naye kuchipatala chaching'ono chija, munene kuti malungo. Za kuno musatchule."

"Ndikanena malungo andiyika pa mzere, amuyeza malungo, andipatsa za malungo, ndibwerera naye. Mankhwala ake ali m'galimoto apa, ndikuiona ndi maso angawa."

"Amake Tsabola, taganizani. Ntchito ikatha tidya chiyani? Mashiti anuwo atidyetsa? Nanga anzangawa ndiwayang'ana ndi nkhope iti? Ena ali ndi ana asanu. A kapitawo ndi amene anandilowetsa ntchito ino pamene ndinalibe ndi nsapato zomwe. Tadikirani mpaka madzulo, mwina atitulutsa. Ndibwera, tiona limodzi."

"Madzulo galimoto idzakhala itapita."

"Ibweranso mawa."

"Inu mwamuona Chimphona?"

Amake Tsabola anabwereza mokweza.

"Ndikufunsani, bambo a Tsabola. Chimphona ali bwanji?"

"Akuti sakulankhula."

"Chimphona. Munthu wa matumba awiri. Ndiye aka kanthu kanga ka nthiti zowerengeka aka?"

"Tadikirani pang'ono chabe, ndapota nanu. Ndilankhule kaye ndi a kapitawo."

"Lankhulani nawo," anatero amake Tsabola, n'kuika foni patebulo.

Anatuluka panja. Anayang'ana pamwamba pa mpanda. Denga loyera lija panalibe. Anathamangira pakona ya mdadada, osavala ndi nsapato zomwe, n'kuyang'ana kumtunda, kumunsi. Inali uko, yasunthira kutsogolo, pafupi ndi msewu waukulu, ndipo bambo wa thanki anali akukweza thanki yake kumbuyo.

Sanaganizenso zambiri. Chimene chinawabwerera n'chakuti iwo anali atawanamiza anthu aja maso ndi maso posachedwapa, ndiye pakamwa pokha sawakhulupiriranso. Anathamangira kuseri kwa bafa, anakankha lata, anagwira matiresi aja pakona, n'kuyamba kuwakoka. Anadutsa nawo pampopi, pakhomo pa Wailesi, pakhomo pa telala amene anaimitsa makina ake n'kukweza magalasi. Ziguduli zinkatuluka pong'ambika paja n'kumatsalira m'njira. Fumbi kobo. Ana a pamsewu anayamba kuwatsatira.

"Chokani inu! Ndikuthyolani miyendo! Mayi! Mayi a zaumoyo!"

Mayi wamfupi uja anali ataponda kale phazi limodzi m'galimoto. Anacheuka, anaona mzimayi wopanda nsapato akukoka chinthu cha chidindo chobiriwira pakati pa msewu, ndipo anakuwa mawu amene sankaoneka kuti angatuluke m'thupi laling'ono lotero.

"Siyani pomwepo! Tayani! Musachikokenso! Ana inu, kutali!"

Amake Tsabola anataya.

"Bwererani m'mbuyo. Bwereraninso. Mayi, mwatani? Mwafesa msewu wonse!"

"Ndinakunamizani. Mwana sali kusukulu. Ali m'nyumba, thupi moto, watupa apa." Analoza. "Amagona pa ichi. N'cha kushedi. Kalipirani poyenda, tiyeni."

Mayiyo anatsegula pakamwa ngati akalipadi, kenako anangotenga chikwama chake m'galimoto. Anauza bambo wa thanki kuti ayambe ndi matiresi, atsate njira yonse imene adutsa, ndipo aliyense amene wayandikira amupopere m'miyendo. Anayenda mofulumira moti amake Tsabola, ngakhale anali wamtali, ankachita kuthamanga pambuyo.

M'nyumba sanakhalitsemo. Anavala magolovesi, anagwira mwanayo pachipumi, m'khosi, m'mphechepeche. Tsabola anabuula.

"Wayamba liti?"

"M'mawa uno. Dzulo ankasewera."

"Akutsokomola?"

"Ayi."

"Chabwino. Mutulutseni panja, pamthunzi. Musatenge bulangete limenelo. Muno tipopera."

Anamugoneka pa benchi pafupi ndi mpopi, pa shiti limodzi la anthu a kumipanda limene linali litauma pachingwe. Eni ake adziwa bwanji. Mayi wa zaumoyo anathyola kabotolo, anakoka mankhwala, n'kubaya. Tsabola analira mofooka, dzanja likufunafuna siketi ya amake.

"Jakisoni ameneyu ndi woyamba," anatero mayiyo. "Ena akalandira kuchipatala, agonekedwa. Ndaitana ambulansi, koma yapita ndi wina, ndiye tidikira ibwere. Inu mupita naye. Imwani awa." Anawapatsa mapilitsi m'dzanja.

"Achira?"

"Mwafulumira. Mukanadikira mawa ndikanakuyankhani zina." Anavula magolovesi n'kuwaponya m'pulasitiki. "Tsopano ndiuzeni. Ziguduli zina zili kuti?"

Anthu anali atadzaza kale m'makomo mwawo, ena pa mpanda. Amake Tsabola anawayang'ana. Onse anali anthu obwerekana nawo mchere. Anameza mapilitsi aja opanda madzi, anawawa pakhosi.

"Kwa telala, chopondera pakhomo. Kwa a landilodi, galu amagonapo. Mayi wa tomato, pa benchi."

"Kwanganso ziwiri," anatero Wailesi asanatchulidwe. Anali atayandikira, khanda atalichotsa kumsana, akulitembenuza miyendo. "Tamuoneniko uyu, mayi. Aka n'kachiyani aka? Ndi udzudzu eti? Nenani kuti ndi udzudzu."

"Nanga amuna ena a kushedi?" anafunsa wa zaumoyo akuyang'ana khandalo. "Nawonso amatenga?"

"Onse amatenga," anatero amake Tsabola. "Ndi a kapitawo omwe. Nyumba zonse zimene mwadutsa m'mawa zija, bwereraninso. Akunamizani ngati ine."

Kuseri kwa mpanda mzimayi wina, mkazi wa mnzawo wa amuna awo, anaomba m'manja kamodzi. "Mwatitha, amake Tsabola! Mwatidyetsa dothi! Ana anga mudzawadyetsa ndinu?"

"Kayang'aneni miyendo yawo kaye, mubwere mudzanditukwane bwino."

Mzimayiyo anatukwanadi, mawu awiri atatu olemera, koma akutukwana choncho anali akubwerera kwawo, ndipo pofika pakona anali akuthamanga.

Wa zaumoyo anapita pambali n'kuyamba kulankhula pa foni yake, akutchula shedi, akutchula ziguduli, akupempha mankhwala ena opopera ndi anthu ena. Bambo wa thanki analowa m'nyumba, anawatulutsira foni ndi nsapato, n'kutseka chitseko. Fungo la mankhwala linayamba kutuluka m'mazenera.

Sipanatenge nthawi, foni inalira m'dzanja lawo.

"Mwachita chiyani?" Amuna awo sanalinso kunong'ona. "Mabwana aitana a kapitawo mu ofesi. Anthu onse akundiyang'ana ine. Mwachita chiyani, amake Tsabola?"

"Ndanena."

"Zonse?"

"Zonse. Mwana wabayidwa jakisoni. Tikudikira ambulansi."

Anamva mpweya wawo wokha, wolemera, ngati munthu wakweza thumba pamwamba pa mulu. Kumbuyo wina ankakuwa, wina akumuletsa.

"Ndiye ndi mliri womwewo?" anafunsa bamboyo, mawu atasintha.

"Akuti ndi womwewo."

"Ali maso?"

"Pang'ono."

"Tamuikani pa khutu."

Anawerama n'kugunditsa foni pa khutu la mwanayo. Sanamve zimene bambo ake ankanena. Anangoona milomo youma ya Tsabola ikugwedezeka, "Eee, ababa. Eee." Atabweza foni pa khutu lawo, bamboyo anali adakalipo.

"Ntchito yatha, mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Sindikudziwa kuti ndituluka bwanji pageti pano."

"Mutuluka ndi miyendo. Mapilitsi anuwo muzimwa. Akakutulutsani mutipeze kuchipatala, mubwere ndi bulangete lina, lobwereka, osati la m'nyumba."

Anadula. M'nyumba sakanalowa. Pa benchi panalibe malo. Anaima, anayenda mpaka pakona kukasuzumira kumsewu, kunalibe ambulansi. Anabwerera, anagwira mwana pachipumi, moto womwewo. Anapitanso pakona. Telala anali atanyamula chopondera chake ndi ndodo, atachitalikitsa ngati njoka, akufunsa kuti achiike pati. A landilodi anali atafika, akukalipira aliyense, galu wawo akuwazungulira miyendo.

"Mayi, khalani pansi," anatero wa zaumoyo. "Mukundizunguza mutu."

"Ndikhale pati? Ibwera nthawi yanji?"

"Ibwera."

Mpopi unali ukutulutsabe madzi, ndowa itasefukira kalekale, madzi akuyenderera m'ngalande. Amake Tsabola anaitsitsa, anaika ina. Thovu la m'beseni linali litaphwa. Anakokera beseni pafupi ndi benchi kuti mwendo wawo uzigunda phazi la mwanayo, anatola sopo m'matope n'kumutsuka. Anatulutsa shiti, osadziwa ngati ndi lochapa kale kapena ayi, n'kuyamba kulifikisa, maso ali pakona ya mdadada, makutu ali kumsewu. Mulu wa zochapa unali pomwepo, wonse.